Tsekwe wa ku Guangzhou anandidyera ndalama ya masiku atatu

Ndimagulitsa nsapato ndi zikwama za amayi ku Lilongwe, cha ku Malangalanga. Kwa zaka zambiri ndinkapikula kwa anzanga obwera ndi katundu kuchokera ku Dar es Salaam ndi ku Johannesburg, koma mu Okutobala 2024 ndinalimba mtima n'kupita kukaoda ndekha ku Guangzhou, mzinda wa ku China. Za viza, za ndege ndi za ma ejenti a katundu anzanga anali atandilongosolera mpaka makutu kuwawa. Za nkhomaliro palibe anandiuza, ndipo ndi pomwepo pamene ndinakagwera.

Ndalama ndinali nazo zowerengeka. Kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, madola akusowa, ndipo ochepa amene ndinanyamula ndinawapeza ndi thukuta. Ndiye ndinakafikanso nthawi ya Canton Fair, chionetsero chachikulu cha malonda chija chimayamba mu Epulo ndi mu Okutobala chaka chilichonse. Nthawi imeneyi mahotela amakweza mitengo, ine osadziwa. Chipinda chinandidyera zambiri kuposa zimene ndinawerengera kunyumba, moti usiku woyamba ndinakhala pabedi ndi kope langa la ngongole n'kulemba kuti: chakudya, ma yuan 50 patsiku, osapitirira. Dola imodzi inkasintha ma yuan 7 ndi kapamwamba pang'ono.

Ulendowu ndinayenda ndi mayi wina wa ku Mangochi amene amagulitsa nsalu ndi madiresi, ndipo kwa iye ku China kunali kachisanu kupitako. Ndimawatchula achemwali. Tinakwera limodzi pa Kamuzu International Airport, kusintha ndege ku Addis Ababa, kenako maola opitirira 10 mumlengalenga mpaka pa Baiyun, bwalo la ndege la ku Guangzhou. Tinafikira ku Xiaobei, dera limene mumapezeka anthu a mu Africa ambiri. Nthawi ya kumeneko ili patsogolo ndi maola 6 poyerekeza ndi yathu, choncho masiku oyamba mimba inkalira usiku pakati, masana n'kumangofuna tulo.

Achemwali ndi Msilamu, ndipo ku Xiaobei sanavutike. Malo odyera a Asilamu a ku China komweko alipo ambiri, ndipo anandionetsa chizindikiro chake, zilembo ziwiri izi 清真, kawirikawiri pa chikwangwani chobiriwira. Masiku atatu oyamba ndinkangowatsatira, tikudya ma noodles a nyama ya ng'ombe. Anali abwino, osadula, koma mimba ya Mchewa ikadya zamsuzimsuzi masiku atatu imayamba kufunsa mafunso. Tsiku lina tinakwera m'chipinda china cha pamwamba kumene amaphika zakudya za kwathu kuno, ugali ndi nsomba. Ndinadya mpaka kunyambita zala, koma mbale imodzi yokha inamaliza ndalama ya tsiku lonse. Ndinadziwa kuti kumeneko sindibwererako.

Kamalo kodyera kamene ndinagwerapo ndinakaona tsiku lachiwiri, m'kanjira kopanikizika cha ku Sanyuanli, tikuchokera kumisika ya nsapato. Kutsogolo kuli galasi, kuseri kwa galasilo nyama zili lendelende pa ngowe: abakha athunthu ofiira ngati apakidwa polishi, nkhuku zachikasu, mizere ya nyama ya nkhumba yofiira yopserera m'mbali, mafuta akudontha pa thireyi. Fungo lake linandikumbutsa kanyenya wa ku Bwandilo, kungoti ili linali ndi kafungo ka shuga wopserera. Ndinaima.

"Achemwali, tiyeni tilowe apa. Inu mudya nkhuku, ine ndilawe zinazo."

Anaseka. "Asisi, tayang'anani chipika chija. Mpeni ndi umodzi, chipika ndi chimodzi. Wadulira nkhumba pompano, nkhuku yanga adulira pomwepo. Ndiponso nkhukuyo anazinga ndani?"

Ndinachita manyazi, chifukwa ndinayenera kuganiza ndekha. Ngati mukuyenda ndi mnzanu wachisilamu kapena wa Seventh Day, musamuitanire malo ngati amenewa poganiza kuti asankha nkhuku. Zonse zimadutsa pa chipika chimodzi, ndipo msuzi umene amathira pa mpunga ndi umodzinso.

Tsiku lachinayi tinasiyana. Achemwali anapita kumsika wa zovala, ine ndinatsala ku Sanyuanli kumalizitsa oda ya nsapato. Pangano linali lakuti 2 koloko masana ndikhale ndili kwa ejenti wa katundu, ndikaonetse makatoni anga, ayezedwe, ndisayine, chifukwa kontena inkatsekedwa madzulo omwewo. Itakwana 12 koloko nkhuli inandigwira. Ndinati nthawi ilipo, ndidya msangamsanga.

Ndinapeza mzere wafika pamsewu. Anyamata okoka ngolo za makatoni, atsikana a m'mashopu, madalaivala a njinga zamoto zoperekera zakudya atavala zipewa zawo. Aliyense akafika pagalasi amangotchula mawu awiri atatu, bambo wa chimpeni n'kutsitsa nyama, kha kha kha, kuyala pa mpunga, kuthira msuzi, wotsatira. Munthu mmodzi sankatha ngakhale mphindi imodzi. Pakhoma panali zikwangwani ziwiri zofiira. Chimodzi chinali ndi manambala 15, 18, 20, 22. Chinacho 38, 45, 60. Zilembo zake sindinkatha kuwerenga ngakhale chimodzi, koma manambala ndinawaona, ndipo mumtima ndinati apa zanga zayera, ndi 20 yokha ndikhuta.

Ndinatulutsa foni kuti ndijambule chikwangwani, Google Translate indimasulire. Zii. Ku China Google sagwira, WhatsApp ndi Facebook chimodzimodzi, pokhapokha utaika VPN, pulogalamu yotsegulira masamba otsekedwa, usananyamuke. Achemwali anandiuza tili ku Lilongwe, ine n'kumati ndikaika ndikafika. Ukafika ndiye kovuta kuyipeza. Chinanso chimene ndikanachita ndili kunyumba ndi kutsitsiratu Chitchaina mu pulogalamu yomasulirayo kuti izigwira popanda intaneti. Zonsezi ndinazikumbukira nditaima pamzere, kumbuyo kwanga anthu akusuntha mapazi.

Nthawi yanga itakwana ndinaloza chimene chinkaoneka chonona kuposa zonse, chimbalame chachikulu chakumapeto. Ine ndinkati ndi bakha wonenepa. Bamboyo anandiyang'ana, n'kulankhula mawu angapo. Ndinagwedeza mutu. Anakweza dzanja, chala chachikulu ndi chaching'ono chakumapeto zili tong'o, zitatu zapakati atazipinda, monga timachitira pouza munthu kuti ndikuimbira foni. Ndinawerenga zala: ziwiri. Ndinati akufunsa ngati ndikufuna zidutswa ziwiri. Ndinagwedezanso mutu, ndikumwetulira. Kenako analoza mbalame ija n'kuchita ngati akuidula pakati kuchokera kukhosi kutsika. Ine n'kugwedezanso kachitatu, poganiza kuti akundionetsa mbali imene adulepo.

Akulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinadya tsekwe.

Anatsitsa mbalame yonse, kuing'amba pakati, theka lonse n'kuliika pa sikelo. Apa m'pamene mtima unayamba kugunda, koma pakamwa panauma. Ndisanapeze chonena chimpeni chinali chitayamba kale ntchito, ndipo m'kanthawi kochepa theka lija linali zidutswazidutswa, zoyalidwa bwino m'mabokosi awiri a pulasitiki. Mayi amene amalandira ndalama, ndikuganiza kuti ndi mkazi wake, anadina kakyuleta n'kunditembenuzira: 144. Ndinaloza mpunga. Anadinanso: 146.

Zimene zinachitika ndinazimvetsa pambuyo pake. Zala zija ndi 6 m'kawerengedwe ka ku China, kumene amawerenga mpaka 10 ndi dzanja limodzi. Bamboyo ankandiuza kuti tsekwe ndi ma yuan 60 pa jin. Jin ndi muyezo wawo, theka la kilogalamu, ndipo chilembo chake ndi ichi 斤. Chikwangwani chachiwiri chija chinali cha nyama yogula pa sikelo, imene anthu amatenga kukadya kunyumba ndi banja lonse. Choyamba chija, cha 15 ndi 18, ndiye cha nkhomaliro ya munthu mmodzi, mpunga ndi nyama pamwamba, ndipo mzere uliwonse umathera ndi chilembo ichi 饭, chimene amatchula kuti fan, kutanthauza mpunga wophika. Bamboyo anandifunsa katatu konse. Sanandibere. Ndinavomera ndekha katatu.

M'kachikwama ndinali ndi pepala limodzi lofiira la 100 yuan, lija lili ndi nkhope ya Mao, ndi timapepala tina tokwana 20. Madola ndinawasiya kuhotela, ndipo ngakhale ndikanakhala nawo, pamalo ngati amenewa salandira. Mayiyo analoza timapepala tiwiri tomata pakhoma, kobiriwira ka WeChat ndi kabuluu ka Alipay, mapulogalamu a pa foni olipirira zinthu. Kumeneko pafupifupi aliyense amalipira ndi foni: amajambula kachizindikiro kaja, kawayilesi kakang'ono pambali n'kulengeza mokweza kuti ndalama yalowa. Alipay ndinali nayo, ndinailumikiza ndi khadi langa la kubanki ndili kuhotela, koma ndinali ndisanayesepo kugula kanthu. Ndinayesa pomwepo. Inakana. Ndinayesanso. Inakananso. Thukuta linayamba kutsika kumsana.

Ndinayesa kubweza bokosi limodzi. Bamboyo anapukusa mutu, ndipo sindimuimba mlandu: nyama yodulidula kale angaigulitse kwa ndani? Mzere unaima. Wina kumbuyo analankhula mokweza, ena n'kuseka. Mwina sankaseka ine, koma ukakhala mlendo, wakuda wekha m'kachipinda kodzaza, kuseka kulikonse kumakhala kwako. Ndinafuna kuimbira achemwali pa WeChat, koma foni yanga inkagwira intaneti pa WiFi ya kuhotela yokha. Simu ya kumeneko ndinakana kugula pofuna kupulumutsa ndalama. Ndinasunthira pambali, mabokosi anga awiri ali pakauntala, ndikuwayang'ana ngati mwana amene waswa mbale ya eni.

Ndinaima pamenepo mphindi zoposa 20. Amene anandiombola ndi mtsikana wina wogulitsa m'shopu ya zikwama, amene amadziwa Chingerezi chifukwa makasitomala ake ambiri ndi a ku Nigeria ndi ku Kenya. Anandifunsa chavuta n'chiyani, ndinamulongosolera, iye n'kutembenukira kwa mayi uja. Analankhulana nthawi yaitali m'Chikantoni, chinenero cha kuderali, mawu akukwera ndi kutsika moti ndinkati akukangana. Kenako mayiyo anatenga 120 yanga, kung'amba kachidutswa ka katoni, kulembapo 26, n'kukamata pakhoma pafupi ndi timapepala ta foni tija. Mtsikanayo anati, "Akuti mudzabweretse mawa." Sanandifunse pasipoti, sanandifunse dzina la hotela.

Apa munthu wanzeru akananyamula mabokosi ake n'kuthamangira kwa ejenti. Ine miyendo inali itazizira, njala ikundipweteka, ndiponso ndinali ndi kaukali kakuti nyama yodula chonchi ndiidye ikadali yotentha. Ndinakhala pa kampando ka pulasitiki, tebulo limodzi ndi agogo ena aamuna ndi anyamata awiri. Kumeneko kukhala patebulo la anthu osawadziwa si nkhani, ukangoona mpando wopanda munthu umakhala, palibe moni.

Ndinene zoona, tsekwe ameneyo sindidzamuiwala. Khungu lopyapyala, lokukutika, pansi pake kamafuta kosungunuka pa lilime, mnofu wakuda wofewa wolowa zokometsera mpaka kufupa. Anandipatsa kasosi kachikasu kowawasa motsekemera, ka zipatso za plum, koviikamo kuti mafuta asakukole. Mpunga wawo ndi womatana, wopanda mchere, wosanunkhira ngati kilombero wathu, koma ukanyowa ndi msuzi wa nyamayo umatsetsereka wokha. Ndinadya ndikudziwerengera: chidutswa ichi ndi basi ya ku Area 25, ichi ndi mtolo wa makala. Agogo aja anandiona ndikulimbana ndi timitengo todyera, anadzuka osalankhula n'kukanditengera supuni.

Pamene ndinkayang'ana wotchi inali 1:35. Ndipo m'thumba munalibe ngakhale yuan imodzi.

Izi ndiye sindinaziganizire pamene ndinkapereka 120 yonse. Sitima ya pansi pa nthaka ndi yotchipa, ma yuan ochepa chabe, koma ochepawo ndinalibe. Ndinayenda wapansi kubwerera ku Xiaobei, mabokosi m'jumbo, dzuwa likuswa mtengo, ndikusochera m'milatho ya oyenda pansi. Ndinafika kuhotela 3 koloko itadutsa, kutenga madola, kukasintha, kukwera takisi ya ma yuan 40. Kwa ejenti ndinafika cha m'ma 5. Makatoni anga anali pakona osayezedwa, kontena atatseka. Mnyamata wa pamenepo anangotambasula manja: ina ndi sabata yamawa.

Katundu ameneyo ndinkafuna agwire msika wa Khirisimasi. Anafika ku Lilongwe Khirisimasi itadutsa ndi masiku awiri. Sindinganene kuti mlandu wonse ndi wa tsekwe, chifukwa kontena imachedwanso padoko ndi pamalire, koma achemwali amene katundu wawo analowa mu kontena yoyamba ija anagulitsa madiresi awo sabata yonse ya chikondwerero, ine ndikuyang'ana mashelefu.

Usiku umenewo ndinawafotokozera achemwali. Anaseka mpaka misozi, kenako anandikalipira ngati mng'ono wawo.

"Asisi, ndalama ya thiransipoti imakhala payokha, m'thumba lina. Imeneyo sugwira ngakhale utaona tsekwe wagolide. Ndipo mawa tikagula simu."

Nyama yotsala inali yambiri, bokosi lathunthu ndi theka. Kuwagawira sindikanatha. M'chipinda munalibe fuliji. Ndinadyako madzulo, yotsalayo ndinaiika pawindo. Guangzhou mu Okutobala kumatenthabe, ndipo mpweya wake ndi wachinyezi. M'mawa ndinainunkhiza, ndinati ilibwino, ndipo mtima wa "ndalama yanga isapite pachabe" unandiuza kuti ndimalize. Ndinadya yozizira, ndi tiyi.

Pofika 10 koloko ndinali nditamvetsa chifukwa chake amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Sindifotokoza zambiri. Tsiku lonse la msika linapita ndili pakati pa bedi ndi chimbudzi. Mwayi wake achemwali sayenda opanda mapaketi a Thanzi, ndipo anandiwiritsira madzi m'ketulo, poti a pampopi kumeneko samwa osawiritsa. Masana anandibweretsera phala la mpunga lopanda kanthu, limene eni ake amapatsa odwala. Vuto silinali la ophika. Nyama ija amaotcha tsiku lomwelo kuti idyedwe tsiku lomwelo. Amene anaigoneka pawindo usiku wonse ndine.

Ngongole ija inandisowetsa mtendere kuposa m'mimba. Ndinalonjeza mawa, ndipo mawa linadutsa. Ndinkaganiza kuti mayi uja akuuza mwamuna wake kuti waona, anthu akudawa ndi choncho. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinadzuka ndi mphamvu pang'ono, ndipo 11 koloko ndinali pakhomo pawo, mzere usanayambe. Kakatoni kaja kanali pomwepo. Mayiyo atandiona analoza kakatoniko, ine n'kutulutsa 26 yowerengeratu. Anakamatula, kukang'amba pakati, n'kuseka. Kenako analoza mimba yanga ndi nkhope yofunsa, kaya ndinkaoneka wofooka. Ndinagwira pamimba n'kukwinya nkhope. Anandikhazika pansi, n'kundipatsa kambale ka supu yotentha yoyera, osandilipiritsa.

Tsiku limenelo, popeza kunalibe anthu, ndinaphunzira zimene ndinayenera kudziwa poyamba. Simu ndinali nditagula, ndipo WeChat ili ndi pojambulira mawu n'kukumasulira. Ndinajambula chikwangwani chonse n'kukopera m'kope langa, kalembedwe ka m'zilembo zathu pambali.

Nyama yofiira ya nkhumba ija ndi cha shao, ena amati char siu. Amaidula m'mizere italiitali, kuinyika mu sosi wa soya, shuga ndi zokometsera, kuiotcha ili chopachika, n'kuipaka uchi kapena manyuchi kuti inyezimire. Imatsekemera, ndipo kwa ife ozolowera nyama ya mchere ndi tsabola, kuluma koyamba kumadabwitsa. Ine ndinaizolowera tsiku lachiwiri. Ina ya nkhumba ya khungu lokhakhala lachikasu ndi shao rou: khungulo amalibayabaya timabowo tambirimbiri asanaotche, ndiye limatupa n'kumakukutika ngati chimanga chokazinga. Imeneyi ndi yamchere, ndipo ndi imene ili pafupi ndi kukamwa kwathu. Bakha ndi shao ya. Tsekwe ndi shao e, ndipo ndiye mfumu ya pagalasipo, wodula kuposa zonse. Akapachikidwa amafanana, koma tsekwe ndi wamkulu ndipo ali ndi kachotupa pamphumi, pamwamba pa mlomo. Yang'anani mutu musanaloze.

Chinsinsi chonse ndi kamawu kamodzi kaja. Ukati cha shao basi, ukhoza kufunsidwa za sikelo. Ukati cha shao fan, wapempha mbale ya munthu mmodzi ya mtengo wolembedwa pakhoma. Ngati lilime likukana, loza nyama, kenako loza mphika wa mpunga, unene kuti fan, ukweze chala chimodzi. Ndipo pali ina imene ndinaikonda kwambiri, shuang pin fan, nyama zamitundu iwiri pa mpunga umodzi. Pamalo pajapo inali 20. Umaloza ziwiri zimene ukufuna, basi. Ngakhale tsekwe amene anandiliza uja anali ndi mbale yake ya fan, yodulirapo kuposa zinazo koma yosafika ngakhale kotala ya zimene ndinalipira.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkadya pamenepo masana alionse. Mbale imabwera ndi mpunga wambiri, nyama zidutswa zisanu ndi zitatu kapena khumi, ndi timitengo tiwiri titatu ta masamba owiritsa ofanana ndi chainizi wathu uja. Ndinaseka ndekha kuti chainizi ndamupeza kwawo. Masambawo ndi ongokongoletsa, musayembekezere ndiwo zamasamba ngati za kunyumba. Supu yoyera ija inkabwera ndi mbale. Ndi 20 ndinkakhuta mpaka madzulo, ndipo 30 yotsala inkakwana kadzutsa, mgonero wopepuka ndi madzi.

Nthawi yabwino ndi 11:30. Nyama imakhala itangotuluka kumene mu uvuni, khungu likadali louma, mipando ilipo. Ikangokwana 12 ndi chipwirikiti, ndipo si nthawi yophunzirira kuitanitsa. Ukafika 2 koloko umapeza ngowe zambiri zili zokha, zotsalazo khungu litafewa.

Nkhuku yachikasu ija inandiopsa. Amaitcha bai qie ji. Siyootcha, amaiphika m'madzi osabwadamuka kwambiri kenako n'kuiviika m'madzi ozizira, ndiye imadyedwa yosatentha, khungu lili tererere. Tsiku limene ndinaiyesa ndinaona fupa lili lofiira mkati, ndipo pokumbukira za pawindo zija ndinaikankhira pambali. Mtsikana wa zikwama uja, amene tinkakumana pamenepo kawirikawiri, anandiuza kuti ndi mmene iyenera kukhalira: mnofu wapsa, kufiirako n'kwa m'fupa, ndipo kwa iwo nkhuku yopsa mpaka fupa kuda ndi yowonongeka. Ndinadya, sindinadwale. Kukoma kwake kuli mu kasosi ka jinja, anyezi wamasamba, mchere ndi mafuta kamene amakupatsa pambali. Popanda kameneko ndi nkhuku ya odwala. Koma ngati mtima wanu sulola kuona kufiira pa fupa, musadzikakamize, tengani bakha.

Mafupa ndiye chenjerani nawo. Chimpeni chija chimadula nyama ndi fupa lomwe, choncho chidutswa chilichonse cha bakha kapena nkhuku chili ndi kafupa kakuthwa. Eni ake amaponya chidutswa chonse m'kamwa, lilime n'kugwira ntchito, fupa n'kutuluka loyera. Ine ndinkagwira ndi zala, ndipo palibe anandiyang'ana. Madzi osamba m'manja ngati kwathu sabwera, choncho muziyenda ndi tishu wanu. Patebulo pamakhala ketulo ya tiyi wopanda shuga ndi kabeseni. Tsiku loyamba ndinkadabwa kabeseniko n'kachiyani, mpaka ndinaona agogo aja akutsukira timitengo tawo ndi kapu ndi tiyi wotenthayo, n'kukhuthulira m'kabesenimo, kenako n'kuthira wina wakumwa. Ndi chizolowezi cha anthu a ku Guangdong, chigawo chimene muli mzinda wa Guangzhou. Ndalama ya "zikomo" pamwamba pa mtengo sapereka. Ndinayesa kusiya 2 yuan tsiku lina, mayi uja anandithamangira nayo mpaka pamsewu.

Za kulipira, khadi langa silinagwire ulendo wonse. Anzanga ena awo amagwira, choncho yesani lanu pogula botolo la madzi tsiku loyamba, osati muli pamzere ndi nyama yodulidwa kale. Ndalama yamapepala amalandira, koma chenji chimavuta chifukwa ochepa ndi amene amalipira nayo. Ndinaphunzira kuphwanya 100 m'sitolo yaikulu n'kumayenda ndi ma 10, ma 5 ndi ma 1, ina m'thumba la diresi, ina m'kachikwama.

Nditawerengera m'kope usiku womaliza, nkhomaliro imodzi ija inanditengera 146 ya nyama, 40 ya takisi, tsiku lathunthu la msika nditagona, ndi sabata ya kontena. Nkhomaliro zisanu zotsatira pamodzi zinakwana 100.

Tsiku lonyamuka ndege inali ya usiku, ndiye ndinapita kukadya komaliza. Achemwali anandiperekeza mpaka pakona, iwo n'kulowera ku chikwangwani chawo chobiriwira. Nditafika pagalasi bambo wa chimpeni anandizindikira. Analoza tsekwe wamkulu amene anali kumapeto, kukweza zala ziwiri zija, n'kuchita ngati akumudula pakati, maso akuseka. Anyamata a pamzere anatembenuka kundiyang'ana.

"Fan," ndinatero, chala chimodzi m'mwamba. "Shao e fan."

Anatsitsa tsekweyo, kudula mbali ya kuntchafu, kha kha kha, n'kuyala pa mpunga. Mkazi wake anadina kakyuleta n'kunditembenuzira: 30. Ndinali nayo yowerengeratu m'dzanja, ndipo ya sitima inali m'thumba lina.